Kutema mphini pa chitsulo: mafunso ndi mayankho pa luso lodinda zithunzi

Mukadutsa pa Linthipe, m'dera la Mfumu Yaikulu Kaphuka, muli pa ulendo wopita ku boma la Dedza, mapiri a Chongoni amakhala ali njo pamaso panu. M'mapanga a mapiri amenewo muli zithunzi zimene anthu akale anajambula pa miyala, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika malo 127 a zojambulazi m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Kujambula si mlendo kwa Kaphuka. Mlendo ndi mtundu wina wa kujambula umene pa Chingerezi amati etching, pamene mmisiri amalemba pa chitsulo, n'kuchiviika m'mankhwala, kenako n'kudinda chithunzi pa pepala. Aluso a maiko ena amachoka pakhomo mwezi wathunthu kukabindikira pa malo amodzi n'cholinga chongoyesa luso limeneli. Mnyamata wolemba zikwangwani za magolosale pa Chimbiya akamva zotere, mafunso samuthera.

Kodi etching n'chiyani kwenikweni?

Amene anaonapo sing'anga akutema mphini wamva kale theka la nkhaniyi. Sing'anga amacheka khungu ndi lumo, n'kutikitira mankhwala akuda pa mabalawo, kenako n'kupukuta. Pamwamba pa khungu pamayera, koma m'kati mwa mphini mankhwala amatsalira. Agogo athu aakazi amene anali ndi mphini zokongoletsa pa masaya anazipeza mwa njira yomweyo, ndipo anapita nazo kumanda zisanafufutike.

Wodinda zithunzi amachita chimodzimodzi pa kachitsulo kosalala ka mkuwa, zinki kapena aluminiyamu. Amakumba timizere, amapaka inki paliponse, amapukuta pamwamba, inki n'kutsalira m'timizere mokha. Akatero amaika pepala lonyowa pamwamba pa chitsulo n'kuzipanikiza pamodzi m'makina. Pepala lonyowa limafewa, limalowa m'timizere tija n'kutola inki yonse. Akalisenda, chithunzi chili pa pepala, chotembenuka ngati cha pa galasi: kumanja kwapita kumanzere. Ichi n'chifukwa chake wophunzira aliyense, tsiku lina lake, amadinda dzina lake chammbuyo n'kusekedwa ndi anzake.

Nanga zikusiyana pati ndi chidindo cha amfumu?

Zikusiyana ngati mzere ndi khwawa. Pa chidindo cha amfumu, zilembo ndi zotukuka, ndipo inki imakhala pamwamba pa zotukukazo. Osema zithunzi pa thabwa kapena pa layino amatsata njira imeneyo: amachotsa pamene sakufuna kuti paoneke. Pa etching inki imabisala m'makwawa, pamwamba n'kukhala poyera.

Muli ndi umboni m'thumba mwanu. Tengani K2,000 yatsopano, muyendetse chala pa nkhope ya John Chilembwe. Mumva kukhakhala. Imeneyo ndi inki imene inatuluka m'makwawa a chitsulo n'kuima pa pepala ngati timizere ta m'munda. Ndalama za mapepala amazidinda mwa njira ya banja lomweli, chifukwa kukhakhala kumeneko makina a fotokope sangakubere.

Asidi akulowapo pati?

Kukumba mkuwa ndi mphamvu ya dzanja ndi ntchito yowawa, yofuna zaka zambiri kuti dzanja lizolowere. Nzeru ya etching ndi kulemba ganyu mankhwala kuti akumbe m'malo mwanu.

Choyamba mmisiri amapala m'mbali mwa chitsulo ndi tupa kuti chisadzacheke pepala. Amachikwecha mpaka kuwala, n'kuchitsuka kuti pasatsale mafuta ngakhale a chala. Viniga wosakaniza ndi mchere amagwira ntchitoyi. Madzi akamayenderera pa chitsulo osapanga timadontho, ndiye kuti chayera. Kenako amachitenthetsa pang'ono n'kupaka phula lopyapyala kwambiri. Phula la akale linali losakaniza zinthu zitatu: phula la njuchi, phula lakuda longa la mumsewu, ndi utomoni wa mitengo ya paini. Ena amalifukiza ndi mwaye wa kandulo kuti lide bii, mizere izioneka bwino polemba.

Tsopano amatenga singano n'kujambula. Sakumba chitsulo ayi, amangokanda phula, ndipo dzanja limayenda momasuka ngati la mwana wolemba pa mchenga. Kumbuyo kwa chitsulo amamatako tepi kapena kupaka vanishi. Akachiviika m'beseni la mankhwala, mankhwalawo amadya pokhapo pamene singano inadutsa. Odinda amatidi asidi akuluma. Mphindi zochepa zimapereka mzere wopyapyala ngati tsitsi. Mphindi zambiri zimapereka khwawa lakuya losunga inki yambiri, lotuluka lakuda. Wofuna mapiri akutali otuwa ndi mtengo wapafupi wakuda amaviika pang'ono, amavuula, amaphimba mapiri ndi vanishi, n'kuviikanso kuti mtengo wokha upitirire kudyedwa.

Dzimbiri limachita zomwezi pa khasu losiyidwa pa mvula. Kusiyana kwake n'kwakuti pano dzimbiri lauzidwa podutsa, ndipo ntchito ya dzinja lonse ikutha pa mphindi khumi.

Anayambitsa ndani?

Osula zovala za nkhondo. Ku Ulaya, amisiri ankakongoletsa zisoti ndi zishango zachitsulo pozidyetsa asidi, ndipo cha m'ma 1500 mmodzi wa iwo, Daniel Hopfer wa mumzinda wa Augsburg ku Germany, anayamba kupaka inki pa zitsulo zotere n'kudinda pa pepala. Albrecht Dürer anayesako pakati pa 1515 ndi 1518, pa chitsulo wamba chimene chinkachita dzimbiri, ndipo analeka atapanga zisanu ndi chimodzi zokha. Mkuwa utalowa m'malo, luso linakula. Rembrandt wa ku Holland, amene anamwalira mu 1669, anasiya zithunzi zotere pafupifupi 300. Francisco Goya wa ku Spain anatulutsa mu 1799 zithunzi 80 zotchedwa Los Caprichos, zonyodola ansembe, olemera ndi okhulupirira zamatsenga a m'nthawi yake. Ndimakonda kukumbutsa anthu za osula aja, chifukwa luso limene lero likukhala m'nyumba zozizira za anthu ovala masuti linabadwira pa chipala, pakati pa makala ndi mvukuto, kwa anthu onga amene amakhoma zidebe ndi mbaula m'misika yathu.

Tsono kubindikira kukubwera bwanji? Munthu sangaphunzire ali pakhomo pake?

Pa Chingerezi amati residency. Ife mawu tili nawo kale: m'bindikiro. Timu ya mpira imalowa m'bindikiro masewero aakulu akayandikira, ndipo namwali amabindikira m'tsimba kuti alangidwe. Waluso naye amaitanidwa ku malo kumene kuli makina, mankhwala, pogona ndi chakudya, kwa milungu iwiri, mwezi, mwina miyezi itatu. Kawirikawiri amapezako katswiri wodinda amene ntchito yake ndi kudziwa zitsulo ndi inki, ndipo awiriwa amagwirira limodzi: wina ali ndi chithunzi m'mutu, wina ali ndi njira m'manja.

Pakhomo munthu angathe kuphunzira kujambula ndi pensulo. Etching ili ndi vuto lake: simuona chimene mwapanga mpaka mutadinda. Pa chitsulo chithunzi chimaoneka bwino, koma pepala likatuluka mupeza kuti thambo lada ngati kukubwera chimvula, nkhope ya mayi yasanduka chigaza. Muyenera kupala, kukwecha, kupakanso phula, kuviikanso, kudindanso. Chithunzi chimodzi chimadutsa m'masinthidwe anayi, asanu, khumi. Rembrandt yemweyo, pa chithunzi chake cha mitanda itatu ya pa Gologota cha mu 1653, anabwerera pa chitsulo n'kufafaniza anthu ena, kuika ena, n'kudetsa thambo, moti chodindidwa chachinayi chimaoneka ngati ntchito ina.

Ntchito yotere sifuna munthu amene m'mawa ali ku maliro, masana akulemba chikwangwani cha saluni kuti apeze ya ndiwo, madzulo akuthamangira feteleza wotsika mtengo. Chimene m'bindikiro umapereka, kuposa makina ndi nsima, ndi chilolezo choononga. Waluso amene ali ndi chitsulo chimodzi chokha amachiopa, ndipo wamantha sayesa kanthu. Mupatseni zitsulo makumi awiri ndi mwezi wopanda womugogodera, muona.

Amayesa zotani m'mwezi wonsewo?

Wanzeru amayamba ndi kachidutswa koyesera. Amakalemba mizere yofanana, n'kukaviika theka la mphindi, kuphimba mbali ina, kuviikanso mphindi imodzi, kenako ziwiri, zinayi, zisanu ndi zitatu. Akadinda amakhala ndi makwerero ochoka potuwa kufika pakuda, ndipo amalemba nthawi zonsezo m'kope. Kopelo ndi la malo amenewo okha. Mankhwala amaluma msanga kukatentha, n'kuchita ulesi kukazizira. Boma la Dedza lili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo amene anagonako mu Juni amadziwa chisanu chake. Nthawi imene munthu anaphunzira ku Salima mu Okutobala ingamunamize kwa Kaphuka m'mawa wa chiperoni.

Akadziwa mzere, amafuna mthunzi. Apa pali chodabwitsa: mukasiya malo aakulu opanda phula kuti adyedwe onse, satuluka akuda, chifukwa popukuta inki imachoka yonse ngati madzi m'mbale yosalala. Inki imafuna pogwira. Njira yotchedwa aquatint, imene Jean-Baptiste Le Prince wa ku France anaitchukitsa cha m'ma 1768 ndipo Goya anaigwiritsa ntchito mwaukatswiri, imathetsa vutoli. Amawaza ufa wa utomoni wouma pa chitsulo ngati mame, n'kutenthetsa kunsi kuti timibulu timamatire. Mankhwala amadya mipata ya pakati pa timibuluto, chitsulo n'kukhala ngati mphero yosemedwa kumene. Utomoni umenewu umachokera ku paini, mtengo umene wadzaza m'nkhalango zobzalidwa za ku Dedza ndi Chongoni. Koma ufa wake ukalowa m'mapapo sutuluka, ndiponso umayaka msanga, choncho ambiri lero amangofayira penti wa m'chitini patalipatali kuti agwe ngati nkhungu.

Pali njira ina imene ine ndimaiona kuti inapangidwira ife. Phula lija akalisakaniza ndi mafuta a ng'ombe siliuma, limakhala lonata. Chilichonse chimene mungachipanikize pamenepo chimanyamula phula n'kusiya chithunzi chake: tsamba la msuku ndi mitsempha yake yonse, chigamba cha chiguduli cha mbatatesi, ulusi wa chitenje chakutha, nthenga ya nkhanga, kachidutswa ka lichero. Mankhwala akadya, nsaluyo imakhala yalembedwa pa chitsulo ulusi uliwonse. Waluso wa ku London amalipira ndege kudzafuna zinthu zotere. Wa kwa Kaphuka amazipondaponda popita ku dimba.

Ndiye pali ya shuga, imene Pablo Picasso anaphunzira kwa wodinda Roger Lacourière ku Paris m'zaka za m'ma 1930. Mumasungunula shuga wambiri m'madzi ochepa, n'kuthirako inki ndi kasopo, n'kujambula ndi burashi pa chitsulo. Zikauma mumakuta chitsulo chonse ndi vanishi wopyapyala n'kuchiika m'madzi ofunda. Shuga amafufuma n'kusenda vanishi pokhapo pamene burashi inadutsa. Mukachita mwamwayi, mkwapulo wa burashi umatuluka wamoyo ngati wangopakidwa kumene. Mukachita mwatsoka, vanishi amakana kusendeka, ndipo mwina nyerere zinakuyambirani kale usiku.

Zotuluka zambiri za mwezi wotere zimapita kudzala. Zina zimene zinalakwika ndi zimene zimatsegula maso: phula linang'ambika, mankhwala analowa posaitanidwa, ndipo pa pepala patuluka mawanga onga a thanthwe la ndere. Waluso amafunsa kuti, kodi ngozi imeneyi ndingaibwereze dala?

Kodi kuno kwathu zinachitikapo, kapena ndi nkhani za ku Ulaya zokhazokha?

Pafupi kwambiri ndi ku Lusaka. Cynthia Zukas, amene anabadwira ku Cape Town mu 1931 n'kukhazikika ku Zambia dzikolo litangolandira ufulu, anatchuka ndi etching ndi layino, ndipo anathandiza kuti pa Evelyn Hone College pakhale chipinda chodindira zithunzi. M'zaka za m'ma 1970 chipindacho chinakhala kwawo kwa gulu la Lusaka Artists Group, la anthu onga Patrick Mweemba, David Chibwe ndi Fackson Kulya, amene ankadinda moyo wa m'makomboni, m'misika ndi m'mabasi, makamaka pa layino ndi pa thabwa. Henry Tayali, amene anamwalira mu 1987, anasiya zithunzi zamphamvu zodinda ndi thabwa za anthu osauka a m'tauni. Mu 1986 Zukas, Tayali ndi woumba Bente Lorenz anayambitsa Lechwe Trust, bungwe limene limagula ndi kusunga ntchito za aluso a ku Zambia kuti zisathere kunja.

Ku South Africa nkhaniyi ndi yaitali. Pa mishoni ya Lutheran ku Rorke's Drift, kumudzi kwenikweni m'chigawo cha Natal, panali sukulu ya zaluso kuyambira 1968 mpaka 1982, nthawi imene tsankho linkatsekera anthu akuda zitseko za masukulu otere. Kumeneko kunatuluka Cyprian Shilakoe, amene aquatint yake ya anthu ooneka ngati mizimu m'nkhungu mpaka lero imazizitsa nkhongono. Anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1972 ali ndi zaka 26 zokha. John Muafangejo wa ku Namibia anaphunzira komweko, n'kudzabwereranso mu 1974 kudzabindikira ngati waluso wokhwima kale.

Ku Johannesburg, kumene abale athu ambiri ali pa maganyu, kuli Artist Proof Studio imene Kim Berman ndi Nhlanhla Xaba anatsegula mu 1991. Mu Malichi 2003 moto unapsereza nyumbayo ndipo Xaba anafera momwemo, koma anzake anatsegulanso Artist Proof Studio ndipo ikuphunzitsabe achinyamata.

Chitsanzo chimene chimandikhudza ndikaganiza za Kaphuka ndi Caversham Press. Malcolm Christian anaitsegula mu 1985 m'kachalichi kakale ka Methodist, m'mapiri ozizira a pakati pa KwaZulu-Natal, kutali ndi tauni. Aluso otchuka monga William Kentridge ndi Robert Hodgins ankapita kukagonera kumeneko. M'bindikiro sufuna mzinda; phokoso la mzinda ndi limene anthu akuthawa. Ndipo Dedza anaonetsa kale kuti luso lingakhazikike kumudzi: Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni pa Mua mu 1976 ndipo osema ambiri anaphunzira pamenepo, pomwe Dedza Pottery yakhala ikuumba ndi kuotcha mbale kuyambira 1987.

Asidi ndi chinthu choopsa. Si kuika moyo pachiswe kumeneku?

Ndi choopsadi, ndipo safunsa anadya phula. Asidi wa nitric amene akale ankagwiritsa ntchito amatulutsa mpweya woononga mapapo, amaotcha khungu, ndipo dontho limodzi m'diso likhoza kulithetsa. Lamulo losasintha ndi lakuti asidi ndiye amathiridwa m'madzi, pang'onopang'ono. Mukathira madzi mu asidi amawira n'kukuthovukirani kumaso. Ndikudziwa kuti wina akuganiza kale za asidi wa mu batire ya galimoto, poti ndi amene amapezeka pa msika. Musayerekeze.

Mwayi wake, kuyambira m'zaka za m'ma 1990 odinda monga Cedric Green, Nik Semenoff ndi Friedhard Kiekeben anafalitsa njira zosafuna asidi wolusa. Yodziwika kwambiri ndi ya copper sulphate, mchere wobiriwira ngati thambo, wa banja limodzi ndi kopa amene alimi a tomato ndi mbatatesi amapopera polimbana ndi chiwawu. Pa zinki, muyeso wofala ndi magalamu 100 a copper sulphate, magalamu 100 a mchere wa m'khitchini, ndi lita imodzi ya madzi. Chimene chimachitika m'beseni ndi kusinthana malo: zinki amasungunuka kulowa m'madzi, mkuwa umene unali m'madziwo n'kugwa ngati matope ofiirira, amene mumawasesa m'mizere ndi nthenga ya nkhuku. Aluminiyamu naye amadyeka, koma amafuna mchere wochulukirapo kuti uboole kakhungu kamene kamamuteteza, ndipo amachita thovu n'kufunda. Mkuwa weniweni sudyeka ndi madzi amenewa. Umafuna ferric chloride, mankhwala amene okonza zamagetsi amadyetsera timabolodi ta m'mawailesi.

Kusalusa sikutanthauza kuti ndi thobwa. Magolovesi ndi magalasi oteteza maso n'zofunikabe, beseni likhale la pulasitiki, pamalo podutsa mphepo, ndipo botolo lilembedwe n'kutsekeredwa kumene mwana sangafike, poti madzi obiriwira amakopa ana. Chachikulu china ndi kotaya. Mkuwa umapha nsomba ngakhale utachepa, ndipo madzi a m'makwawa a kwa Kaphuka amatsikira mu mtsinje wa Linthipe umene umakathira m'nyanja ya Malawi ku Salima, atadutsa madimba ndi zitsime za anthu. Madzi otha ntchito amathiridwa soda kapena laimu kuti zitsulo zidikhe pansi, matopewo n'kuumitsidwa ndi kusungidwa m'chigubu chotseka. Amene alibe dongosolo la matope amenewa asayambe n'komwe kuviika.

Munthu wa kwa Kaphuka zipangizo angazipeze kuti?

Zambiri zili pafupi kuposa mmene mukuganizira. Singano ya chiguduli kapena sipoko ya njinga yonoledwa, yoloweka m'kamtengo, ndi cholembera. Neti yakale ya udzudzu imapukuta inki m'malo mwa nsalu youma imene odinda akunja amagula. Pomaliza penipeni amapukuta ndi chikhatho, ndipo chimenecho aliyense ali nacho. Phula la njuchi lili kwa alimi a njuchi. Zidutswa za aluminiyamu zimapezeka kwa amisiri ndi ku makampani osindikiza mabuku, amene amataya mapuleti akatha ntchito. Malata a denga ndiwo ayi: ndi chitsulo chokutidwa ndi zinki wopyapyala, chimadyeka mwa mawangamawanga, ndipo mukachitenthetsa kwambiri utsi wake umadwalitsa.

Woyamba kumene asayambe ndi mankhwala. Pali njira youma imene mumangokanda ndi singano mwamphamvu, popanda phula, popanda beseni. M'mbali mwa mzere mumatukuka kachitsulo kamene kamagwira inki n'kupereka mzere wofewa ngati wa makala. Njira imeneyi imatheka ngakhale pa paketi ya juwisi kapena ya mkaka, ija yonyezimira m'kati: mumaitumbula, kuitsuka, kukanda mbali yonyezimirayo, ndipo pamene mukufuna pade bii mumasenda kakhungu kapamwamba kuti katoni ya m'kati imwe inki. Paketi yotere imafooka mukadinda kangapo, koma mwaitola kudzala.

Pepala ndi nkhani ina. Labwino ndi la thonje, lokhuthala, lopirira kuviikidwa. La m'makope limang'ambika. Bungwe la PAMET ku Blantyre linadziwika ndi mapepala opangidwa pamanja kuchokera ku mapepala akale ndi ulusi wa zomera monga nthochi. Otere ndi oyenera kuyesa, koma powawaza madzi pang'ono m'malo mowamiza.

Mutu weniweni ndi makina. Chithunzi cha pa layino mungachidinde ndi msana wa supuni. Cha etching chimafuna kuti chitsulo, pepala ndi mabulangete a ubweya zidutse pakati pa mipukutu iwiri yachitsulo yopanikiza koopsa, mpaka m'mbali mwa chitsulo mudindike pa pepala. Makina otere ndi osowa m'Malawi muno, ndi olemera, ndipo kuitanitsa kunja ndi ndalama zoti mungagule nazo ng'ombe zingapo. Ena amayesa jeke wa galimoto pakati pa matabwa, ena amapondetsa tayala. Pa paketi ya juwisi zimatulukako, pa mizere yopyapyala ya mkuwa zimakanika. Komabe makinawa alibe injini, safuna magetsi a ESCOM, ndipo m'kati mwake mulibe chinsinsi: mipukutu iwiri yowongoka bwino, mabering'i, thebulo loyenda ndi chogwirira chopukusa. Amisiri amene amapanga zigayo ndi ngolo angawapange atapatsidwa miyeso, bola mipukutuyo isemedwe pa makina osemera zitsulo kuti isapotoke. Nkhani ya ku Lusaka ija ikuonetsa kuti makina amodzi, m'chipinda chimodzi chosatsekera anthu, amakwanira m'badwo wonse.

Waluso atabindikira kufupi ndi Chongoni, angatengere zojambula za m'mapanga n'kuziika pa chitsulo?

Funso limeneli lili pawiri. Za miyala yeniyeniyo yankho ndi lalifupi: musakhudze. Zojambula za pa Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi ndi zopaka, si zokumba. Zofiira, za mizere ndi mikombero, anthu amati ndi za Akafula kapena Abatwa, alenje amene Achewa anawapeza. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi dothi loyera, kawirikawiri ndi chala. Kuthira madzi kuti zioneke bwino pa kamera, kumata pepala kuti mutsatire mizere, kapena kupakapo choumbira, zonsezi zimasupula utoto. Ana asukulu olemba maina awo ndi makala anaononga kale zokwanira.

Za tanthauzo lake ndi pamene pali povuta. Zambiri mwa zoyerazo si zokongoletsa chabe. Zina ndi za chinamwali, zimene anamkungwi ankaphunzitsira atsikana, ndipo zina ndi zilombo za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Eni ake a zinthu zimenezi sanafe. Ali m'midzi yozungulira phirilo, ndipo dambwe likadalipo. Mlendo amene afika, n'kujambula m'kope, n'kukadinda makope makumi asanu ogulitsa ku Cape Town osalonjera ngakhale nyakwawa, malamulo a boma mwina sangamugwire, koma ine ndimamuona ngati wolowa m'nkhokwe ya mwini. Njira ilipo ndipo aliyense wakumudzi amaidziwa: mumayamba mwafika kwa amfumu, mumapita ku mapanga ndi woperekeza wa nthambi ya boma yosamala za makedzana, ndipo anamkungwi akati ichi sichituluka, sichituluka.

Ndiponso kukopera ndi ulesi. Chimene phanga lingaphunzitse wodinda ndi china: mmene choyera chinakwerera pa chofiira popanda kuchifafaniza, mibadwo iwiri pa thanthwe limodzi. Amene angadinde zitsulo ziwiri pa pepala limodzi, chofiira pansi, china pamwamba, n'kujambulapo za lero, kabaza, mayi wa tomato pa msewu wa M1, matumba a makala pa njinga, waphunzira zambiri kwa akale aja kuposa wokopera buluzi wawo.

Fotokope ilipo, foni ilipo. Wogula alipirirenji chithunzi chimene chili ndi anzake makumi awiri?

Chifukwa palibe chimene chili kope la chinzake. Fotokope imatengera chithunzi chimene chilipo kale. Apa chithunzi kulibe kwina kulikonse koma pa mapepala amenewo, ndipo lililonse linapakidwa inki, kupukutidwa ndi kupukusidwa palokha. Waluso amalonjeza chiwerengero, tinene 20, ndipo pansi pa lililonse amalemba ndi pensulo 1/20, 2/20 mpaka kumapeto, n'kusaina. Akamaliza amakanda mzere wopingasa pa chitsulo kapena kuchiboola kuti chisadindenso. Wodinda 21 mwakabisira wadzigwetsera yekha msika.

Phindu lake kwa waluso wa kuno ndi loonekeratu. Chithunzi cha penti chimatenga milungu, chimagulitsidwa kamodzi, ndipo kawirikawiri wogula ndi mlendo amene amapita nacho kwawo osadzaonekanso. Chodinda chimagawa mtengo pa anthu makumi awiri, moti mphunzitsi wa pa Linthipe kapena namwino wa ku Nkhoma angathe kupachika ntchito yeniyeni ya waluso wakwawo pa khoma, china n'kupita ku Lilongwe, china n'kulowa mu envelopu kupita kunja, china n'kutsala kwa mwini wake.

Kwa inu amene mwafika nayo pano nkhaniyi muli ndi pensulo m'thumba: tsukani paketi ya juwisi, nolani sipoko, mupemphe inki ya supuni imodzi kwa osindikiza. Dzina lanu mulilembe chammbuyo.